Mbewa za nsato yanga

Lachitatu, 18 Juni, Chelstone

Tsiku loipa. Amake Dalitso, eni nyumba, andipeza nditagwada, mutu uli kunsi kwa bedi, ndikunyengerera katoni. Ndawauza kuti ndimapemphera. Munthu wa digiri ine.

M'katonimo muli kansato kaja ndinalanditsa kwa anyamata omwe ankakagenda kumsika. Chibwerereni sikanadye. Kamangodzipinda ngati nkhata, msana wayamba kuthwa, ndipo magetsi akazima ndimakafunditsa ndi botolo la madzi ofunda. Mayiwa akangokaona, katundu wanga ali panja, ndipo mpingo wonse udzamva kuti ndikuweta njoka yokokera chuma.

Lero kanatulutsa mutu koyamba, lilime lili lawilawi, kufuna chakudya. Ndinali nditasungunula mbewa ziwiri zomaliza za mufiriji m'mbale, ndipo wondigulitsa wa ku Kabwata akuti zina mpaka mwezi wamawa. Mayiwo anaziona.

"Iwe mwana, kansi ndiwe wakum'mawa zoona. Udyela mbewa mobisa?"

"N'zoyera izi, amayi, sizikoma."

"Zoyela ndiye zonona. Udziwa cani iwe wobadwila mu tauni?"

Anakhala pabedi pomwepo, zidendene zikugunda katoni, n'kuyamba kundisimbira za maliro a ku Katete, kuyambira matenda mpaka kumanda. Ine ndimangotsokomola kuti asamve kukwawa. Dzuwa litapendeka anakulunga mbewa zonse m'nyuzipepala, ati akawotchere adzukulu. Ndinawaperekeza mpaka pageti, ndikuthokoza ndithu, manja pachifuwa.

Pobwerera ndapeza mutu wabwerera mkati. Ndayesa kukakhudza, n'kozizira, koma kakupuma. Kaya mwezi wamawawo kafika, kaya...