Kontena ya Dorica

Lolemba, 3 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa, matope mpaka m'kalasi. Pa asembule a Chakufwa, aphunzitsi oyang'anira kalabu ya kadyedwe, alengeza kuti mtsogoleri wa kalabu ndi ine, Salome. Ati ana amamvana okhaokha kuposa kumvera akulu, ndiye aziphunzitsidwa ndi mnzawo. Andipatsa tisheti yobiriwira, yaikulu ngati ya abambo. Ndavalabe. Amayi angoseka, ati pakamwa pangapa tsopano papeza ntchito.

Ntchito yake: Lachisanu lililonse pa buleki, pansi pa m'bawa, kuphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Kwinaku kunyengerera amayi ogulitsa pageti kuti azibweretsako magwafa ndi mtedza, osati maswiti okhaokha ndi timapaketi tofiiritsa lilime tija. Phala la pasukulu linatha temu yatha. Mpaka lero zii.

Woyamba kuwomba m'manja anali Dorica. Mnzanga wa desiki imodzi, mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya kutsidya kwa dambo. Kwao kwenikweni n'ku Phalombe. Masamu amandiposa kutali, ine ndimamubwezera pa Chingelezi. Tinapangana kuti mayeso a Sitandade 8 mu Meyi tikhoze tonse, atisankhire kusekondale imodzi. Amanena yekha kuti akapanda kulemba mayesowa, adzafera m'fodya.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Phunziro loyamba. Ana a Sitandade 5 phokoso losaneneka. Ndafunsa chitsanzo cha zakudya zamafuta, wina ati sopo. Ndinapsa mtima, kenako ndinaseka nawo.

Zongolankhula sizilowa m'mutu. Ndiye ndapeza nzeru yangayanga. Lachisanu likubwerali aliyense abwere ndi chakudya chimene amatenga kunyumba, titsegule pagulu, tiwerenge magulu. Wamagulu ambiri timuimbire nyimbo. A Chakufwa ati zili bwino, maso ali pa makope amene amachonga.

Dorica tsiku lililonse amabwera ndi kakontena kachikasu ka majarini, komanga ndi mphira. Buleki ikakwana, uyo kuseri kwa buloko ya Sitandade 1. Ati sakonda kudya anthu akumuyang'ana mkamwa. Ndimamuseka kuti Alomwe inu kumana. Iye amati Achewa inu kupempha.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Sindikufuna kulemba. Ndilembabe.

Zinayamba bwino. Chimanga chowotcha, zigumu, wina peyala, wina nsima yogona ndi nkhwani. Kuimba, kuwomba m'manja, ine mutu kukula. Nditafika pa Dorica, anali atakumbatira kontena yake pamimba. Anapukusa mutu pang'ono chabe, kuti ndione ine ndekha. Ndinaona. Koma ndinayesa ndi manyazi ake aja. Ndinati mnzanga weniweni ndiye akhale chitsanzo, lero tiona zimene umatimana, n'kutsomphola.

Mphira unaduka. M'katimo munalibe kanthu. Moyera mbee, mouma, ngakhale kafungo ka chakudya ayi.

Gideon, mnyamata wokhala kumbuyo m'kalasi mwathu, n'kukuwa kuti limeneli ndi gulu la mpweya. Onse n'kufa nako kuseka. Dorica sanalire. Anatola chivindikiro, kutseka, kulumikiza mphira uja, kumanganso bwinobwino osafulumira. Kenako n'kundifunsa motsitsa, “Wawerenga?”

Anakhala m'kalasi mpaka kuweruka. Panjira sanandidikire.

Chaka chonse ine ndili pambali pake, kukukuta mtedza. Ndikamupatsa amati wakhuta, ine n'kubweza dzanja msangamsanga, mwina n'kukondwa kumene. Mtima ukundiwawa.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Dzulo sanabwere. Lero sanabwere. Desiki ikuoneka yaikulu.

Gideon wabwerezanso za mpweya zija. Ndamumenya ndi rula pakhutu. Chibalo: kutchetcha kuseri kwa zimbudzi. Sindikudandaula, ndikanapeza chokulirapo ndikanamumenya nacho.

A Chakufwa aletsa zotsegula makontena. Ati, “Nanenso ndinayenera kuganiza, mwanawe.” Kuganiza kwa lero kuthandiza ndani?

Ndawauza amayi zonse tikusenda nyemba zaziwisi. Ati matenanti salima chimanga chawo. Munda wonse ndi wa fodya wa bwana, iwo amangolandira leshoni ya chimanga ndi mchere mpaka fodya atagulitsidwa, ndipo mwezi uno leshoniyo safika nayo kumapeto kwa sabata. Ine ndakhala ndikulalikira kuti aliyense alime dimba pakhomo pao. Dorica amangomvetsera, n'kumalemba m'kope.

Loweruka, 22 Febuluwale

Ndapita ku esiteti. Ndinaphika maungu oyamba a m'munda mwathu ndi nkhwani wotendera, n'kuika m'mbale ya amayi yachivindikiro ija. Dambo lodzadza, madzi m'mawondo.

Sindinafikeko chiyambire. Timanyumba taudzu tondondozana, fungo la fodya mpaka kukhosi. Dorica ndinamupeza m'chigafa akusoka fodya, manja bii ndi utomoni. Sanadzutse mutu. Mayi ake ndiwo anandiyalira thumba kuti ndikhalepo, n'kulandira mbale ndi manja awiri atagwada. “Zikomo aphunzitsi,” anatero. Bola akananditukwana.

Ndinati Dorica, pepa. Anati, “Ndili pantchito.” Ndinati mayeso oyeserera ayamba mwezi wamawa. Anati wamva. Singano osaima.

Pobwerera ndalira m'dambo monse, poti munalibe wondiona.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Mbale yabwera! Mayi ake a Dorica awapatsa amayi ku mjigo, poti a ku esiteti amatunganso konkuno. M'katimo chisoso chothyola bwino, chodzadza. Ndati basi, mtima wawo wayamba kutsika.

Mawa ndikasiyako nyemba zophika ndikaweruka. Ndamukoperanso manotsi a sayansi. Dzanja kuwawa, koma zilibe kanthu.

Pageti mayi mmodzi wayamba kubweretsa magwafa. Atha buleki isanathe. Ndinafuna kumuuza Dorica, ndinatembenuka kumene pa desiki, kuiwala kuti palibe.

Lamulungu, 9 Malichi

Mbale yakhala ikupita ndi kubwera. Itapita ndi nyemba inabwera ndi mchere wa m'kapepala. Itapita ndi mbatata inabwera ndi ufa wa mgaiwa. Dzulo ndakasiyanso ina, ya chimanga chachiwisi chophika. Dorica amangoti zikomo, maso ali pa fodya. Ine ndimati pang'onopang'ono, afewa.

Lero pochokera kutchalitchi amayi andikhazika pansi. Ati, “Salome, ukuwadyera anthu aja.” Sindinamvetse. Ati mayi wodzilemekeza sabweza mbale ya mwini yopanda kanthu, makamaka mlendo wokhala pamalo a eni, amene safuna kutchedwa wopempha. Poyamba anathyola chisoso cha kutchire, chaulere. Tsopano akutapa pa leshoni. Amayi ati ulendo woyamba anaona ngati ndi ulemu chabe, koma ataona ufa anadziwa kuti zafika poipa.

Ufa umenewo ndi umene tinaphikira phala Lachisanu m'mawa. Ndinathiramo nsinjiro ndi shuga, ndinanyambita ndi supuni yomwe. Ife nkhokwe ikadali ndi chimanga.

Ndati ndizikapereka mu jumbo, kuti pasakhale chobweza. Amayi ati za mu jumbo amapatsa wamisala wa pamsika. Nanga ndichite bwanji? Ndikapereka ndikuwalanda, ndikasiya ndawataya. Mbale ikadali komweko, ndipo ndikudziwa kuti mayi aja akuyang'anayang'ana m'nyumba choti aikemo.

Lachisanu, 21 Malichi

Mayeso oyeserera atha. Masamu andivuta, makamaka za maperesenti zimene ankandiphunzitsa Dorica pojambula pansi ndi kamtengo. Dzina lake analiitana tsiku lililonse. Palibe woyankha, ena kumandiyang'ana ine.

A Chakufwa anapita okha ku esiteti pa njinga. Bambo ake a Dorica ati iwo sanamuletse, mwana akukana yekha, ati sangakhalenso pakati pa anthu amene anamuona m'mimba. Koma alonjeza kuti fodya akatha kuthyola amunyengerera. Dzina lake linapita kale ku mayeso enieni, ndiye mpata ulipo. Ndagwira pomwepo.

Lero kunabwera alendo pa galimoto kudzaona kalabu. Pageti magwafa, nthochi, mtedza wophika, chimanga. Ana anaimba magulu onse osaphonya. Mayi wina wa magalasi anandigwira paphewa, ati atsogoleri otere ndi amene akufunika, n'kundijambula. Ndinamwetulira. Ndikudzida chifukwa chomwetulira.

Sindinapitenso kutsidya. Ndikuopa kupita chimanjamanja, ndikuopanso kunyamula kanthu.

Lachinayi, 3 Epulo

Mbale yabwera. Amayi afika nayo kuchokera ku mjigo n'kungoiika pakhonde. Yomangidwa m'kansalu, mfundo pamwamba. M'katimo dzira limodzi. Nkhuku alibe anthu aja, kaya analipeza bwanji.

Amayi ati Dorica anachoka Lolemba. Mchemwali wa kapitawo wa pa esiteti wamutenga, akalere mwana ku tauni. Mayi ake ati kumeneko azikadya katatu. Sanasiye uthenga uliwonse. Ndafunsa kawiri, amayi ati palibe.

Ndimati ndipinde kansalu kaja kuti kabwerere kwa eni ake. Kabuluu. M'mphepete mong'ambidwa ndi manja. Pakona pali thumba, ndipo pathumbapo ulusi wofiira, msoko wokhotakhota. Ndinasoka ine umenewo, temu yoyamba, litakodwa pa msomali wa desiki yathu. Anandiseka tsiku lonse kuti ndimasoka ngati ndikuthawa galu.

Ang'amba yunifolomu.

Amayi ati kangathandize kugwirira mapoto pamoto. Ndawalanda, ndawakalipira, amayi anga enieni. Dzira lili pawindo. Palibe amene walikhudza. Meyi akubwera, mpando wake akauika ndithu, ndi nambala yake, ine ndikakhala pambali pake n'kumalemba, ndipo...