Amunanga ndi Chipewa cha Mawaya

Lolemba, 3 Malichi

Makasitomala ochepa pasaluni. Magetsi anazima masana, mayi wina ndamuumitsa tsitsi ndi thaulo. Wachoka akunyinyirika.

Kunyumba zomwezija. Amunanga pampando wa pakona, makatani otseka, tiyi wa m'mawa ali momwemo. Miyezi yapitapo chichitikire ngozi ya lole. Mwendo unapola, pulasitala anachotsa. Apolisi anati wolakwa anali wa basi amene anawalowera kumbali kwawo. Koma kunyumba kuno kunabwera thupi lokha, mwini wake anatsalira kumsewu.

Mnzawo amene ankasinthana naye chiwongolero, amunanga anatiuza kuti anafera pomwepo. Zaka zambirimbiri ali limodzi pamsewu. Kumaliro sanapiteko, anali chigonere m'chipatala. Dzina lake salitchula.

Supuni yagwa kukhitchini, iwo adzidzimuka ngati kwalira mfuti. Mwana wathu wamkazi wayamba kuyenda monyang'ama m'nyumba ya bambo ake omwe. Chimenechi ndiye chikundidya mtima.

Lachinayi, 6 Malichi

Wailesi wabwera ndi nkhani. Mnzanga wa pasaluniyu dzinalo tinamupatsa chifukwa pakamwa pake sipazima. Akuti nesi wina amene amamuluka tsitsi wamuuza kuti kuyunivesite akuchita kafukufuku wa ubongo, akufuna anthu amene anaona ngozi koma mantha sakuwachoka. Salipiritsa.

Poyamba manyazi. Ndiye kuti za m'nyumba mwanga zikuyalidwa pamaso pa makasitomala? Kenako ndalanda kapepala ka nambalako, ndaika m'thumba la epuloni.

Madzulo ndawauza. Iwo, "Ine sindine wamisala." Ine, "Ndani watchula misala?" Mwana ali patebulo ndi homuweki, osadzutsa n'komwe mutu, wangoti, "Pitani adadi, mukatiuze ngati ubongowo ulimodi."

Milomo yawo inagwedera pang'ono. Si kuseka ayi, koma ndi chibale chake.

Lachiwiri, 11 Malichi

Tapita. M'minibasi mpando wakumbuyo kwenikweni, maso otseka, dzanja langa atalifinya mpaka mphete kundilowa m'chala.

Nyumba yaitali, makonde onunkhira polishi, ophunzira ali piringupiringu ndi zikwama. Watilandira mayi wamfupi wovala nsapato zothamangira. Ndinamuyesa wophunzira, ndinatsala pang'ono kumutuma kuti akatiitanire adokotala. Si ndi iwowo adokotala, mkulu wa kafukufuku yenseyo!

Anafotokoza bwino, mopanda chizungu chambiri. Anati, "Mu ubongo muli kachigawo konga mlonda. Ngozi ikafika, amaliza likhweru, thupi lonse n'kudzuka. Kwa anthu ena ngozi ikapita, mlondayo sakhulupirira kuti yapita. Amangolizabe."

Amunanga anadzutsa mutu. "Ndiye kuti si ulesi?"

"Ulesi sugunditsa mtima chonchi, bambo."

Chimene akufuna kudziwa n'choti kukumana ndi mlangizi sabata iliyonse, kuphunzira kapumidwe kodekhetsa thupi ndi kulankhula za ngoziyo pang'onopang'ono, kumamukhazika pansi mlondayo kapena ayi, komanso ngati kusinthako kumaoneka pamakina. Anati sakulonjeza kuchira. Anatinso tsiku limene angafune kusiya, asiya, palibe wowakakamiza. Chilungamo chimenecho chinandigwira mtima kuposa malonjezo onse amene tamva chichitikire ngozi.

Kenako chipewa choyezera ubongo. Chalabala, mawaya mbwee ngati mizu ya anyezi. Bambo wa pamakina ankapaka mafuta oterera m'mutu mosadziwa n'komwe kugawa tsitsi. Manja anga ankayabwa. Ndinamupempha chipeso, anandipatsa akuseka.

Pakompyuta timizere tikuyenda ngati nyerere. Atawapempha chilolezo, anaimba kaphokoso ka hutala, motsitsa kwambiri. Nkhope yawo sinasinthe. Koma timizere tija tinalumpha, ndipo ka kugunda kwa mtima kanathamanga.

Ndinatuluka kupita kuchimbudzi. Kangati konse ndawakalipira kuti alimbe mtima, pamene m'kati mukuyaka chonchi?

Lachisanu, 14 Malichi

Anatiuza kuti kompyuta ndi imene imagawa anthu: ena ayambe tsopano, ena adikire miyezi ingapo, kuti athe kuyerekeza magulu awiriwo. Masiku onsewa foni ili m'thumba la epuloni, ndikumaigwiragwira ngati dzino lowawa.

Yalira ndili pakati posambitsa mutu wa munthu. Ndayankha ndi manja a thovu. Ali m'gulu loyamba tsopano!

Mayi wa pasinki uja madzi amulowa m'khutu. Ndamupepesa, ndamuchotsera mtengo. Sindikudandaula.

Koma ndaganiziranso amene auzidwa lero kuti adikire. Nawonso ali ndi wina kunyumba amene akugwiragwira foni.

Lamlungu, 23 Malichi

Apongozi abwera ndi alamu. Nyumba yonse mawu.

Alamu, "Achimwene, anthu a sukuluwa akukuyeserani ngati khoswe. Iwo akalandira madigiri, inu mulandira chiyani?" Apongozi, "Mwamuna amadzuka n'kudzisasa fumbi. Bambo ako anagwa padenga, mawa lake anali kuntchito." Maso ali pa ine, ngati ndine ndikumusasatitsa mwana wawo.

Ndinangoti mbale gwegwegwe kukhitchini.

Amunanga anayankha okha, motsitsa, "Amayi, mwendo utathyoka simunandiuze kuti ndiyende. Ichinso n'chothyoka, kungoti sichioneka."

Potsazika apongozi anandikokera pambali pageti. "Kodi akudya?" Ndinati pang'ono. Anagwedeza mutu, maso ali jenjenje. Nawonso ndi mantha basi, kungoti awo amatulukira m'kukalipa.

Bwana wa kukampani anaimba dzulo. Malo awasungira mpaka kutha kwa Epulo. Lendi ikubwera, fizi ikubwera, saluni yokha siingasenze zonsezi.

Lachitatu, 2 Epulo

Zavuta.

Chibwerere kwa mlangizi dzulo, sanadye. Tulo ayi. M'mawa mwana wagwetsa chivundikiro cha poto, iwo amukalipira mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo. Mwana wapita kusukulu akulira, wasiya ndi chakudya chomwe.

Iwo, "Sindibwererakonso. Akungofukula zimene ndinakwirira."

Ndaimbira adokotala ndili kuseri kwa saluni, pafupi ndi mabini. Ndawalankhula mokalipa, mwina mopyola. Anandimvetsera mpaka ndinatha. Anati zimachitika kwa ena, chilonda pochitsuka chimawawa, koma sikuti azingopirira. Abwere mawa aonane ndi mlangizi, achepetse liwiro. Akafuna kusiya, awathandizabe kupeza chithandizo kwina.

Ndatopa. Mwina alamu ananena zoona. Mwina ndawaponya m'moto ndi manja anga.

Lachinayi, 10 Epulo

Sindinalembe, mtima unali kwina.

Anapita kwa mlangizi. Okha, osandiuza. Ndinangopeza nsapato zawo palibe pakhomo. Madzulo ake anagogoda kuchipinda kwa mwana, anakhala pansi pafupi ndi bedi n'kumupepesa. Ndinali pakhonde, sindinamve zonse. Ndinangomva mwana akuti, "Inunso adadi mumaopa?" Iwo, "Kwambiri."

Tsopano galimoto ikaliza hutala pamsewu, amaika dzanja pamimba, kukoka mpweya, kuutulutsa pang'onopang'ono ngati akuuzira phala la mwana. Mwana amawatsanzira, masaya ali tutumu. Dzulo anaseka onse awiri.

Lero ndapeza makatani otsegula. Fumbi lonse la pawindo poyera. Ndachita manyazi, ndasangalala.

Akuti m'gulu lawo muli mkulu wina amene ankazimitsa moto, chimphona cha munthu, koma amaopa fungo la machesi. Anandiuza okha ndisanafunse. Nkhani yoyamba kubwera nayo kunyumba chichitikire ngozi.

Lachiwiri, 22 Epulo

Tsiku la achibale kuyunivesite. Ndinapita ndi mafunso onse okhudza iwo. Adokotala anayankha, kenako anandiyang'ana. "Nanga inu mayi, mumagona?"

Ndinati ine ndili bwinobwino. Pakamwa pakunena choncho, misozi ili chuchuchu. Ndinalira mpaka mamina, pamaso pa munthu wovala nsapato zothamangira. Miyezi yonseyi palibe anandifunsapo. Aliyense, abambo ali bwanji, abambo ali bwanji.

Akuti akuyambitsa kagulu ka osamalira odwala, akufuna kudziwanso za ife. Ndalembetsa. Wailesi wati masana a Lachiwiri asunga saluni, bola ndizimubweretsera nkhani. Sadzamva kanthu.

Amunanga anapita kukampani. Auza bwana kuti pamsewu sabwererapo, mwina mpaka kale. Awapatsa ntchito ya m'yadi, kuona matayala ndi mabuleki a malole asananyamuke. Malipiro atsika ndithu. Nditamva, mtima unati psu, ndinaganiza za lendi. Kenako ndinaganiza: azigona kunyumba tsiku lililonse. Sindidzadikiranso foni yochokera kumalire a dziko.

Nyama tiziiona patali. Tikhala.

Lachisanu, 9 Meyi

Chipewa kachiwiri. Bambo wa pamakina anangondipatsiratu chipeso osafunsa. Hutala italira, timizere tinalumphabe, koma tinabwerera msanga. Ine ndinafuna kululutira. Adokotala anati tisathamange, munthu mmodzi si umboni, zotsatira zenizeni zidzadziwika akadzawerengera anthu onse chaka chamawa. Koma nawonso ankamwetulira.

Zazikulu zachitika masana.

Abwera kusaluni. Sanalowemo chichitikire ngozi. Akhala pampando wanga, ati, "Ndimete." Wailesi anawayang'ana kamodzi, n'kutuluka kukagula mayunitsi amene sitinkawafuna. Mulungu amudalitse mkazi ameneyu.

Makina ometera ali m'mutu, iwo maso pagalasi. Ayamba kulankhula ndi ine wa m'galasimo.

Mnzawo uja sanafere pomwepo. Anapanikizika ndi chitsulo, ali moyo, akudziwa zonse. Amunanga nawonso mwendo uli wopanikizika. Anagwirana manja kudikira thandizo, mvula ikulowa pagalasi losweka. Ankacheza. Mnzawoyo sanalire, sanapemphere mokweza. Anangoti, "Ukawauze akunyumba kuti denga la kukhitchini lija ndimati ndikonza ndikabwera ulendo uno. Asaganize kuti ndinaiwala." Kenako dzanja linalefuka.

Miyezi yonseyi akusenza uthenga wa denga. Amati akapita bwanji kwa mayi wamasiye, iwo amoyo, ndi mawu ochepa choncho.

Ndinazimitsa makina. Mutu wometedwa mbali imodzi. Ndinawakumbatira chakumbuyo, tsitsi lodulidwa likundimata kumaso. Tinakhala choncho mpaka kasitomala anagogoda.

Loweruka, 17 Meyi

Ndikulemba ndili pakhonde la mayi wamasiye uja, kabuku pabondo.

Tafika m'mawa, makwerero obwereka kwa aneba, malata awiri pamutu pa wa njinga. Pageti amunanga anaima nthawi yaitali, dzanja pamimba. Ndinaganiza kuti tibwerera. Anagogoda okha.

Mayiyo atawaona anangoti kakasi. Ndinkaopa kuti atithamangitsa. Anatilowetsa, anatipatsa mipando. Amunanga anafotokoza zonse, osalumpha. Atafika pa za denga, mayi uja anagwira pakamwa. Ndinayesa akulira. Ayi, kuseka! "Munthu wabodza ameneyu! Denga limeneli anayamba kulikonza ndi pakamwa mwana wathu wotsiriza asanabadwe!" Kusekako kunasanduka kulira, tonse atatu, mpaka mwana wake wamkulu anabwera kudzasuzumira.

Kenako anawagwira amunanga dzanja. "Ndinkavutika kuti anafa yekha mumdima. Kodi munali naye mpaka pomaliza, alamu?" Iwo anati eya. Iye, "Basi. Lero ndigona."

Kukhitchini kuli beseni pansi pomwe pamadontha. Wati alichotsa yekha ntchito ikatha.

Panopa amunanga ali pamwamba, malaya avula, thukuta lili kamukamu. Mwendo uja ndikuuopa, koma sindinena kanthu. Mayi wamasiye wawauza kuti akamaliza kukhitchini aonenso kubafa, poti malemuwo analonjezanso kumeneko. Iwo ayankha ali padenga kuti mnzawoyo anawasiyira ntchito ya chaka chonse.

Akundiitana. Akuti misomali yatha, ndithamangire kugolosale, ndipo ndisagule yaifupi.