Dzina Losatchula

Lachinayi, Novembala. Mvula tsiku lonse, koma mtima wanga uli mbee.

Lero kwaya yathu ya kuno kunja, m'dera la Partick, inapita koyamba kusunagoge kwa Ayuda amene anatipempha kuti tiziimba nawo masalimo. Atsala ochepa, ambiri ndi okalamba, ndipo akufuna nyumba yawo imvekenso moyo.

Ndinayambitsa salimo la m'busa lija mokweza, dzina la Yehova lili patsogolo. Rabi wawo, mayi waimvi, anadikira kuti timalize, kenako anandiitanira pambali. Akuti iwo dzina limenelo satchula ngakhale popemphera, amangoti Ambuye.

A Phiri oimba besi anang'ung'udza, "Ndiye tisinthe Baibulo?"

Ine manyazi anandigwira, koma ndinakumbuka amayi. Ukwati wawo wonse sanatchulepo dzina la abambo, ankangoti "bambo a Chikondi". Nditawafotokozera a rabi, anandigwira dzanja nati, "Ndiye mukudziwa kale."

Tinaimbanso ndi Ambuye. Bambo wina wokalamba kumbuyo anayamba kutsatira m'Chiheberi chapansipansi, ndipo a Phiri anatsitsa besi kuti bamboyo amveke.

Ndiye ineyo, amene ndimakuwira amuna anga kuti "Joe!" mubasi muli anthu...