Switchi Yasiya Kulira

Lolemba, 9 Juni

Lero foni yanga sinalire kufikira masana. Pa zaka zonse zimene ndakhala woyang'anira switchi, makina olumikiza makompyuta onse a pa ofesi pano, sindinaonepo bata lotere. Nditafufuza, ndapeza kuti nthawi ya alamu yasinthidwa. Kale switchi inkadziyeza masekondi khumi alionse ndi kundiuza pa foni chikavuta. Tsopano ikudikira mphindi zisanu. Wosinthayo ndi mkamwini wanga, amene ndinamupemphera ntchito ine mwini. Sanandifunse.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinamuitanira mkamwiniyo m'chipinda cha makina ndi kutseka chitseko. Iye, manja kumbuyo: "Bambo, purosesa, ubongo wa switchiyi, imatopa. Imangokhalira kudzifunsa kuti ndili bwino, ndili bwino, m'malo monyamula ntchito za anthu. Tamvani fani yoziziritsa makina, yatsitsa mawu."

Fani yatsitsadi mawu. Komabe ulemu wochuluka chotere sundikhazika mtima pansi.

Potuluka, mlembi wa abwana anandiseka: "Achikulire, kamwana kanu koliralira kaja kagona?" Ndiye kuti nkhaniyi ikukambidwa ine kulibe.

Lachitatu, 11 Juni

Zii.

Lachinayi, 12 Juni

Abwana anandiimitsa pakhonde, nati madandaulo a kuchedwa kwa netiweki atha. Kenaka anandifunsa chaka chimene ndinabadwa. Funso limeneli silibwera lokha. Alamu ikaleka kulira, woimvera ali ndi ntchito yanji?

Madzulo mwana wanga, mkazi wa mkamwiniyo, anabwera kudzationa. Pakati pa nkhani anati, "Ababa, mukadzapuma mudzapeza chochita?" Za kupuma wazimva kwa yani, ngati si kwa mwamuna wake?

Ndikukayika ngati alamuyo ikulira n'komwe. Mwina anaizimitsiratu, kuti tsiku la vuto mlandu udzagwere ine. Mawa ndiyesa.

Lachisanu, 13 Juni

Anthu atapita kukadya, ndinazula chingwe chimene ndinkayesa kuti ndi cha pulinta yakale. Ndinaima, wotchi m'manja. Sindinadziwe kuti mphindi zisanu zimatalika chotere.

Zisanakwane, chitseko chinatseguka. Mkamwini. Anayang'ana chingwe, nayang'ana ine.

"Bambo, chimenecho n'cha abwana. Ali pa msonkhano wa pa kompyuta."

Pakhonde panamveka nsapato zimene tonse timazidziwa. Mkamwini anati chapansipansi, "Ndipatseni ndigwire ine," nachilanda.

Abwana analowa maso ali psuu. "Ndani wandidula?"

Mkamwini anayankha: "Ndine, bwana, pepani. Bambowa anandiphunzitsa kuti bata silikhulupiriridwa usanaliyese, koma ndaphonya chingwe."

Anamukalipira ine ndikumva, mawu amene sindingawalembe muno. Iye anangowerama, nabwezera chingwe pamalo pake.

Pamenepo ndi pamene mphindi zisanu zija zinakwana, alamu inalira m'thumba mwanga. Sindinaitulutse foniyo.