Impso za makoswe

Lolemba, 3 Malichi

Impso za makoswe zabwera, zodulidwa kale pa timagalasi. Ndakhalira maikulosikopu mpaka maso kuwawa. Zambiri zawonongeka, timachubu tosefa mkodzo tafa. Ndi makoswe amene anamwa mankhwala atsopano a nyamakazi, omwe akufuna kuyamba kuyesa pa anthu mwezi wamawa.

Lachiwiri, 4 Malichi

Msonkhano. Bwana Tayi, mkulu wa kafukufukuyu, akuti, "Mayi, khoswe si munthu." Zikomo kwambiri, ine dokotala wa zinyama sindimadziwa. Munthu woti akalowa mu labu amatseka mphuno ndi kansalu. Akuti ndinaona zomwe ndimafuna kuona, poti ndimadziwa makoswe amene anamwa mankhwala. Anyamata awo kumangogwedeza mitu ngati abuluzi. Zonyansa.

Lachitatu, 5 Malichi

Mng'ono wanga waimba. Analembetsa kuti adzayesedwe nawo. Zala zake zinapindika ndi nyamakazi, batani la yunifolomu ya mwana wake limamukanika. "Akulu, musatichedwetse ndi makoswe anuwo." Ndangoseka nawo. Mtima ukundiwawa.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndawauza a Tayi kuti amate okha zilembo za timagalasi tonse, asakanize, ndionenso osadziwa kuti ndi khoswe uti. Avomera mwachangu. Akuganiza kuti ndichita manyazi. Amata ndi plasitala, mokhotakhota, ngakhale kumata sadziwa.

Lachisanu, 7 Malichi

Milu iwiri patebulo: impso zabwino uku, zowonongeka uko. Kunena zoona, ndimalakalaka nditalakwitsa.

A Tayi amatula okha plasitala uja, anyamata awo ataima kumbuyo. Mulu wowonongeka wonse ndi wa makoswe omwa mankhwala. Pofika pakati anasiya kuwerenga mokweza. Kenako akuti, "Chabwino kuti tazigwira msanga." Tazigwira! Iwo ndi ndani? Kuyesa pa anthu kwaimitsidwa, ndipo masana ndawamva pakhonde akufotokozera alendo za timachubu ta impso ngati anabadwira momwemo.

Loweruka, 8 Malichi

Ndapita kwa mng'ono wanga kukamuuza pamaso. Wamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye impso zanga mwazipulumutsa," akutero. "Nanga manjawa?"

Ananyamuka kukathira tiyi, ketulo n'kumagwedezeka m'manja mwake. Nditafuna kumulandira anati, "Siyani, akulu. Mwathandiza kale."