Kachubu ka Manja Anga Patsaya la Kezia

Lolemba, 6 Juni 1983

Chipatala cha pa boma, Rumphi. Basi ya m'mawa kuchokera pa Bolero, khadi lachipani m'thumba. Manja onse awiri ming'alu yokhayokha, choko chikandikhudza kuwawa ngati tsabola. Adokotala a Munthali akuti si mphere, sindingapatsire ana m'kalasi. Kachubu kamodzi, palembedwa betamethasone. Andibwerezera katatu ngati mwana wa Sitandade 1: pang'ono chabe, podwala pokha, m'mawa ndi madzulo, sabata imodzi basi. Osati kumaso, osati pabala. "Ndipo osabwereketsa, aphunzitsi. Zidzolo zimafanana koma matenda ake ngosiyana." Ndinaseka. Ndingabwereketse yani ine?

Lachinayi, 9 Juni

Kuyabwa kwasiya. Ming'alu ikutseka. Ndalemba pabolodi tsiku lonse osakanda.

Lamulungu, 12 Juni

Titaweruka kutchalitchi, apongozi pakhomo ndi Kezia, mwana wa mlamu wanga Tryness. Ali ndi zaka zisanu. Patsaya kachidzolo kozungulira, kukula ngati wani tambala. Apongozi agwira manja anga, kuwatembenuza. "NyaPhiri, mankhwala anu ngabwino chomene. Mum'gawireko mwana."

Kuno mkamwana, mkazi wokwatiwa pamudzi, sawiringula. Kugwada, maso pansi, kuvomera kuti yewo. Zaka zinayi pabanja pano ndikadali "wa ku Dedza uja", ndipo lero ndi koyamba kundipempha kanthu. Mawu a adokotala anali pakamwa penipeni. Ndawameza. Kachubu kapita.

Lamulungu, 19 Juni

Tsaya la Kezia layera. Apongozi anditumizira mtedza m'mbale yawo ya alendo, anditamanso kwa amayi a bungwe la Umanyano kutchalitchi. Ndaona Tryness akum'paka mokhuthala ngati mafuta odzola, akuti katatu patsiku. Sindinamuletse. Ndilembe zoona: ndinakondwa.

Loweruka, 2 Julayi

Chidzolo chija chabwerera. Tsaya lonse, kuseri kwa khutu, mpaka m'mutu. Tsitsi likuthothoka. Mwana wam'mangitsa duku ngati nkhalamba, sakutuluka kokasewera. Tryness sakundiyang'ana. A Hezron, bambo a m'nyumba muno, akuti ndisadzizunze, anapempha ndi amayi awo. Koma amene anamva malangizo ndine. Mtima ukundiwawa.

Lolemba, 4 Julayi

Chipatala, ine ndi Tryness ndi mwana. A Munthali akuti ndi chipere. Mankhwala anga aja amangochibisa, icho chikuyanda pansi pake, ndipo khungu la nkhope ya mwana silichedwa kupyapyala nawo. "Munam'paka chiyani?" Tryness maso pansi, kuteteza amayi ake. Ndatulutsa kachubu kophwanyika kaja, ndati ndine. Sanakalipe. Angoyang'ana manja anga, amene ayambanso kung'aluka. Bola akanakalipa.

Kezia mapiritsi a masabata asanu ndi limodzi. Tsitsi akuti limera. Za tsaya akuti tidikire tione. Ine kachubu kena, alembapo dzina langa ndi bolopeni.

Lamulungu, 10 Julayi

Apongozi pakhomo, mwendo ukuwayabwa. "Ndamva muli ndi kena." Ndagwada monga mwa masiku onse. Ndati, Amama, aka ayi, mawa ndikuperekezani kuchipatala akakuoneni okha adokotala. Anyamuka osatsanzika. Mbale yawo ya mtedza aitenga. A Hezron tsiku lonse pa wailesi, osandiyankhula.

Lolemba, 11 Julayi

Ahedi andilola kuti ndisapite kusukulu lero. Ndavala kale, ndili pakhonde. Basi imanyamuka seveni koloko. Chitseko cha apongozi chikadali chotseka. Kezia wadutsa ndi duku lake, wandipatsa moni, iye yekha pamudzi pano.

Chatseguka. Chitenje cha kutchalitchi, nsapato m'manja. Andidutsa osandiyang'ana, koma njira atengayo ndi ya kokwerera basi. Aima pa mtengo wa mango. Akuti NyaPhiri, mukulembanso chiyani, tichedwa