Musanayatse foni yanu

Make mwana,

Werengani kaye kapepalaka musanagwire foni yanu. Ili pa tchaja pomwe munaisiya popita kumsika.

Ndathamangira kuchipatala. Amayi agonekedwa m'mawa uno, akubanika, ndipo achemwali aimba kuti ndisachedwe.

Vuto lina ndi kabokosi kosonyeza nthawi ndi nyengo kamene ndinakuikirani pafoni kaja. Paja ndinadzitama kuti kapulogalamu kanga kazitenga kokha chithunzi chatsopano mufoda ya banja ya pa intaneti n'kuchiika kumbuyo kwa kabokosiko, kuti tsiku lililonse muziona mwana akuseka. Ndinaiwala kuti achemwali nawonso amaponya zithunzi momwemo. Ndiye mukayatsa muona amayi ali gone pabedi, machubu m'mphuno, pamwamba pawo palembedwa kuti lero kuwala dzuwa. Pepani. Ukatswiri wanga uja wasanduka mthenga wa zoipa.

Ndinayesa kukonza koma nthawi inandithera. Mukafuna kuti chichoke, jambulani chilichonse, ngakhale ndowa, muponye mufodamo. Kabokosiko sikasankha.

Mukamutenge mwana kusukulu, koma foniyo asaigwire. Za agogo ake ndimuuza ndekha. Madzulo mundibweretsere juzi, kapena ndigona komweko.

Chimodzi chokha ndikupempheni: chithunzi cha amayicho musachifufute. N'chomvetsa chisoni, inde, koma foda yonse ija ndaifufuza. Muli mwana, muli mphaka, muli ngakhale sofa titangogula kumene. Cha amayi n'chomwechi basi.

Ndine bambo a mwana